Bokosi 114

Anandipatsa magolovesi oyera
ngati ndikukasambitsa maliro.
Chikwama chitsale panja, bolopeni itsale panja,
muno mumalowa pensulo yokha,
anatero mayi wa mandala, dzina lake Dikeledi,
akukankha kangolo kolira matayala
m'chipinda chozizira kuposa Juni wa ku Dedza.

Kunja Braamfontein akubwata,
matekisi akukuwizana mumsewu wa Jorissen.
Ine ndajomba kosoka makatani ku Mayfair
kudzaona munthu amene kwathu ku Nsipe
timamutchula motsitsa mawu:
Tenesi Kamzati, mtchona.

Anapita ndi Wenela mayi anga ali kumsana.
Agogo Nangozo anayang'ana kunjira
mpaka ng'ala inawatsekera njirayo.
Ankati Joni ndi ng'ona,
ikameza sibweza ngakhale chipewa.

Koma nachi chipewa:
chiphaso chachikasu, nambala 40817,
chidindo cha chala chachikulu
chokhala ndi chipsera pakati, mwina cha chikwakwa.
Lisiti ya bulangete. Lisiti ya belu la njinga,
njingayo sindikuiona.
Ndi makalata khumi ndi imodzi
omangidwa ndi chingwe cha nsapato.

Onse anapita. Onse anabwerera.
Pa envelopu analemba kuti
Nangozo, kuseri kwa dibi, Nsipe,
ngati positi imadziwa dibi,
ngati ku Nsipe kunali Nangozo mmodzi.
Chidindo chofiirira chikuti mwini sakudziwika.
Sakudziwika!
Mayi amene ankadziwika ndi agalu onse a m'mudzimo
chifukwa choima pamphambano.

Zilembo zikusiyana kalata ndi kalata.
Iye sankatha kulemba, ankabwereka dzanja,
mwina polipira ndudu,
koma mawuwo ndi a pakamwa pamodzi:
Mwana akamera mano mundiuze.
Ndapatsira Jailosi mapaundi awiri, mumufunse.
Fumbi la pansi pano silimva sopo.
Chifuwa chikundivuta pang'ono, musade nkhawa.
Mbuzi ya mawanga ija musagulitse.
Bwanji simuyankha?

Jailosi ndikumukumbuka.
Anamanga nyumba ya malata yoyamba kwathu
ndipo ankatsogolera nyimbo pamaliro.

Pansi penipeni pali kabuku kofiira.
Apa dzanja ndi limodzi, lonjenjemera,
la munthu wophunzira A ndi B ndevu zitachita imvi.
Ngongole za shuga. Masiku a kuchipatala.
Tsamba lina mwangolembedwa kuti mvula.
Kenako, pakati pa mtengo wa malasha ndi wa makandulo:
Lero ku Orlando kwabadwa mwana wamkazi.
Ndamutcha Tibwerera.

Ndinavula golovesi limodzi.
Dikeledi anaona, anayang'ana kumbali.

Ndani anabweretsa bokosili? ndinafunsa.
Anapita, anabwera ndi kakhadi:
Mphatso ya T. Kamzati, Orlando East,
mapepala a malemu bambo anga,
m'chinenero chimene sinditha kuwerenga.
Pansi pake nambala ya foni.
Ndinaikopera padzanja, pensulo ikukana khungu.

Mapepala a agogo ali ndi chipinda chawo,
mlonda, mpweya woyezedwa, nambala pashelefu.
Anga anatha mu Malichi,
ndimayenda nawo mu bra ngati chithumwa chosukuluka,
ndikaona galimoto ya polisi ndimaloweza mawu a Chizulu.
Kuno munthu amayamba wafa
kuti mapepala ake asamalidwe.

Tsopano ndili pamzere ku Bree,
thumba la matimati likundikanda mwendo, si langa.
Mwana wanga Ulemelero ali ku Nsipe,
mauthenga ake atatu sindinayankhe,
akufunsa za nsapato, akufunsa za Disembala.
Padzanja pali azakhali amene sadziwa kuti ndilipo,
amene sadziwa kuti dzina lawo ndi lonjezo.

Mayunitsi atsala a foni imodzi.
Nambala ija yayamba kufufutika ndi thukuta.